Ka Fiat ka ku Livingstone na mbili imene tikugulitsa pa sikelo

Mu August caka catha n'nali kuyenda na mwana wa alongo anga mu Kabwata, tikucokela ku msika. Pa nyumba ina, pansi pa mtengo wa mango, panali ka motoka kobiliwila kokhala pa njelwa, kopanda mawilo a kutsogolo. N'naima. Mnyamatayo anapitilila pang'ono, kenako anabwelela na pulasitiki ya tomato m'manja n'kunifunsa kuti, "Amalume, mwagwetsa ciani?" N'namuuza kuti palibe cimene nagwetsa, nikuona cabe motoka. Iye anayang'ana uku na uku kufuna-funa motoka yakuti munthu wamkulu n'kuimilila, koma sanaione. Kwa iye, cimene cinali pansi pa mtengo cija cinali citsulo ca dzimbili cogonamo nkhuku.

Kanali ka Fiat 127. Ka zitseko ziwili, injini yake yaing'ono ya 903 cc, kokoka na mawilo a kutsogolo. Ku Italy kanatuluka mu 1971, ndipo mu 1972 kanapata mphoto ya motoka yopambana ya caka ku Europe. Koma si zimenezo zinaniimika. Cimene cinaniimika n'cakuti tumotoka totele tunali kumangidwa muno mwathu, ku Livingstone, na manja a anthu a m'Zambia. N'tamuuza zimenezi mnyamata uja anaseka, poganiza kuti amalume ayamba nthabwala. Ali na zaka 19, anapasa bwino Giledi 12, ndipo anali asanamvepo kuti dziko lake linali na fakitale ya mamotoka.

Ife amene tinakulila m'mbali mwa Great East Road, pakati pa Petauke na Katete, kuona mamotoka inali sukulu yathu yaciwili. Tikaweluka tinali kukhala pa culu n'kumayembekezela. Motoka ikangoonekela patali, amene wayamba kukuwa kuti "Yanga!" ndiye mwini wake mpaka dzuwa kulowa. Tinali kudziwa Bedford na kulila kwake ikali kuseli kwa phili. Tinali kudziwa kuti nambala ya GRZ ni ya boma, ndipo ikaima pa sukulu aphunzitsi onse amavala tayi. Madzulo tinali kupinda mawaya n'kupanga zimene taona masana, mawilo a zotsekela za mabotolo kapena a zitini za polishi, siteling'i yaitali yofika m'cifuwa. Amene motoka yake ya mawaya inali kukhota bwino anali kudzicha Satwant Singh, katswili wa mpikisano wa mamotoka amene anakhala ngwazi ya Africa yonse maulendo 8.

Pa nthawiyo sitinadziwe kuti tinali kuwelenga mbili ya dziko. Motoka iliyonse imene inali kupita pa mseu uja inabwela m'Zambia pa cifukwa: nkhondo, ubwenzi wa maboma, mtengo wa kopa, kapena kusowa kwa ndalama zakunja. Mukaika mamotoka amenewo pa mzele kulingana na zaka, mudzaona njila yonse imene tayendamo kucokela mu 1964.

Saca na Land Rover

Ufulu usanabwele, munthu wakuda anali kudziwa motoka ali kumbuyo kwake, pamwamba pa masaka. Kampani ya Thatcher Hobson ndiyo inali kunyamula anthu, makalata na katundu m'miseu ya fumbi ya Northern Rhodesia. Dzina lake linakhazikika kwambili cakuti mpaka lelo akulu-akulu ena, maka-maka anzathu a Cibemba, basi amaicha "saca". Pambuyo pake kampaniyo inakhala Central African Road Services, ndipo boma la Zambia litatenga gawo lalikulu, inasanduka United Bus Company of Zambia, UBZ imene ambili timaikumbukila. Ulendo wocoka ku Lusaka kupita ku Fort Jameson, imene lomba ni Chipata, ni makilomita pafupi-fupi 570. Masiku ano basi imanyamuka m'mawa n'kufika masana. Kale munthu anali kunyamula kamba wa masiku, ndipo pa Manenekela anthu anali kuleka kukamba nkhani n'kuyamba kupemphela.

Motoka ya boma la atsamunda inali Land Rover, imene inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948. Ndiyo inali kubweletsa a DC, amesenjala na nkhani ya msonkho. Koma motoka siisankha mwini. Amene anali kumenyela ufulu nawonso anaona kuti popanda Land Rover sangafike ku Chinsali, ku Lundazi kapena ku Mwinilunga. Pa nyumba nambala 394 ku Chilenje, imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kucokela mu January 1960 mpaka December 1962, pali Land Rover imene anali kuyendela pokonza misonkhano ya UNIP. Tidzabwelelanso kwa iyo, cifukwa nkhani yake sinathele pa ufulu.

Mseu wa kumoto

Pa 11 November 1965, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatsa ufulu popanda cilolezo ca Britain. Zambia inali na caka cimodzi cabe. Pafupi-fupi zonse zimene tinali kugula na kugulitsa kunja zinali kupitila kum'mwela, ndipo mafuta athu anali kucokela ku fakitale ya Feruka pafupi na Umtali, imene lomba ni Mutare. Mu December caka comweco Britain inaletsa kutumiza mafuta ku Rhodesia, ndipo Smith nayenso anatseka mafuta obwela kwa ife. Boma linayamba kugawa petulo na makuponi. Ndeke za Britain, Canada na America zinayamba kutuma mafuta m'madilamu, koma ndeke siingadyetse migodi ya kopa kwa nthawi yaitali.

Njila imene inatsala inali Great North Road, kucoka ku Kapiri Mposhi, kupyola Serenje, Mpika, Isoka na Nakonde, mpaka ku doko la Dar es Salaam. Mbali yaikulu ya mseuwo inalibe tala. M'cilimwe munali fumbi lakuti dalaivala sanali kuona lole imene ili patsogolo pake. M'dzinja munali matope omeza mawilo, ndipo lole imodzi ikatitimila, mzele wonse unali kugona pamenepo. Aliyense amene anali na lole yoyenda anathamangila kumeneko cifukwa ndalama zinali zabwino. Anali kupakila madilamu a petulo na dizilo, n'kuyendetsa usana na usiku osagona mokwanila. Malole ambili anagubuduka, ena anapsa, ndipo madalaivala ambili sanabwelele kwawo. Ndiye cifukwa cake mseuwo anaupatsa dzina lakuti Hell Run, kutanthauza ulendo wa kumoto. Magetsi a m'migodi, ma ambulansi na mabasi a m'tauni zinapitiliza kugwila nchito cifukwa ca anthu amenewo, amene maina awo sitinawalembe pa cipilala ciliconse cimene ana athu amapitako.

Mu 1966 maboma a Zambia na Tanzania, pamodzi na kampani ya ku Italy ya Intersomer, anakhazikitsa Zambia-Tanzania Road Services. Malole ake anali a Fiat, okoka ngolo kumbuyo, mazana-mazana. Popita ku Dar es Salaam anali kunyamula kopa, pobwela mafuta na katundu wina. Apa m'pamene dzina la Fiat linalowela m'makutu a anthu wamba. Mataliyana sanali alendo kwenikweni, pakuti kampani yawo ya Impresit ndiyo inamanga damu la Kariba m'ma 1950. Iwo ndiwo anaikanso paipi ya mafuta ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968, komanso anagwapo pa fakitale yoyenga mafuta ya Indeni mu 1973. Pamene maiko ena a azungu anali kukayikila, Italy inabwela na malole na mapaipi. Conco pamene boma linafuna bwenzi lomanga nalo mamotoka, silinafune-fune patali.

Fakitale ya ku Livingstone

Phunzilo la Hell Run linali lowawa: dziko limene limagula ciliconse kunja lingagwidwe pakhosi tsiku lililonse. Mu April 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, a Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 m'makampani akulu-akulu, ndipo mu August 1969 ku Matero analengeza zofananazo pa migodi. Kampani ya boma ya Indeco inapatsidwa nchito yomanga mafakitale, ndipo colinga cinali cakuti asaunjikane mu Lusaka na ku Copperbelt cabe. M'kupita kwa zaka Mansa inalandila mabatili, Kapiri Mposhi magalasi na mabotolo, Mwinilunga zinanazi za m'zitini, Kafue nsalu na feteleza, ndipo Chipata njinga za Eagle. Livingstone, imene inalandidwa ulikulu wa dziko mu 1935, inalandila mamotoka.

Livingstone Motor Assemblers inali ya Indeco na Fiat, ndipo inayamba kutulutsa mamotoka kuciyambi kwa ma 1970. Tikambe zoona pa nchito imene inali kucitika kumeneko, cifukwa ena amaikuza kwambili ndipo ena amainyoza kwambili. Injini, magiya na zitsulo za thupi la motoka zinali kubwela m'mabokosi kucokela ku Italy. Nchito ya anthu athu inali kuwochelela thupi, kulipenta, kuikamo injini, mawaya, mipando na magalasi, kenako kuyesa motoka isanatuluke pa geti. Si kupanga motoka kucokela pa mwala wa citsulo, koma si nchito yamasewela. Thupi likapendekeka pang'ono powochelela, zitseko sizitsekeka. Anyamata amene makolo awo anali ololedwa kugwila fosholo cabe anaphunzila nchito ya manja imene kale inali kusungidwila azungu. Ku Ndola nakonso Rover Zambia inali kumanga ma Land Rover, Dunlop inali kupanga matayala, ndipo Lenco mu Lusaka inali kupanga matupi a mabasi na ngolo za malole.

Pa mseu munayamba kuoneka Fiat 124 ya makona anayi monga bokosi, imene Russia inatengela popanga Lada. Munali 127 na 128 za aphunzitsi, anamwino na makalaliki, ndiponso 131 na 132 za mabwana a m'maofesi. Anthu anali kuzikonda cifukwa zinali kunyamuka msanga komanso sizinali kumwa mafuta kwambili. Anali kuzinenanso. Zinapangidwila miseu ya ku Turin, osati ya ku Chadiza. Zinali zofupika pansi, ndipo malata ake sanali kucedwa kugwila dzimbili. Ngakhale n'conco, kwa mabanja ambili a anthu akuda, Fiat ya ku Livingstone ndiyo inali motoka yoyamba yatsopano kuimikidwa pa khomo, ya pulasitiki ikali pa mipando.

Nanga cinalakwika n'ciani? Coyamba ni malo. Livingstone ili pa malile a kum'mwela, malo abwino ngati katundu akubwela na sitima kupyola pa ulalo wa Victoria Falls. Koma mu January 1973 Smith anatseka malile, ndipo pamene anafuna kuwatsegulanso, Zambia inakana kubwelela ku njila imeneyo mpaka mu October 1978. Fakitale inapezeka ili kumapeto kwenikweni kwa njila, kutali na madoko amene tinali kudalila. Caciwili ni kopa. Ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 zinali kucokela ku kopa, ndipo mtengo wake unagwa kwambili mu 1974 na 1975, pa nthawi imodzi-modzi imene mtengo wa mafuta unali utakwela. Bokosi lililonse locokela ku Italy linali kufuna ndalama zakunja, ndipo fakitale inali kuima pa mzele umodzi na mankhwala, feteleza na masipeya a m'migodi. Cacitatu ni kucepa kwa msika. Dziko la anthu mamiliyoni ocepa, ambili a iwo alimi, silikanagula mamotoka okwanila kuti mtengo wa imodzi utsike. Fakitale inali kugwila nchito mocepela kwambili pa mphamvu zake. M'ma 1980 inayesa kumanganso Peugeot 504 na Mazda 323, koma nthenda inali imodzi-modzi.

Zaka za waya na mphila

Amene anali na motoka m'ma 1980 adzakuuzani kuti kugula sipeya kunali monga kusaka nyama. Matayala, mapulagi, mabelingi, zonse zinali kusowa. M'zaka zimenezo m'pamene makanika wa pansi pa mtengo anakhala munthu wofunika kuposa kalaliki wa ku banki. Gasiketi anali kuidula pa katoni. Mabushi anali kuwasema pa tayala yakale. Thanki ikabooka anali kumata na sopo, ndipo pampu ya mafuta ikafa anali kumangilila cigubu pamwamba n'kutsitsa paipi ku kabuleta. Mamotoka atatu akufa anali kupeleka ziwalo kuti imodzi iyende. Ndiye cifukwa cake mukapeza motoka ya nthawi imeneyo ikali moyo, musadabwe kuona injini ya Datsun m'thupi la Fiat. Wosunga zinthu zakale wa ku Ulaya anganene kuti yawonongedwa. Ine nimati imeneyo ndiyo yosunga mbili yeniyeni.

Mfumu ya miseu yoipa inali Peugeot. Ya 404 inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 na 1968, ndipo ya 504, imene inatuluka mu 1968, inapambana mu 1975. Inali yokwela pansi, masipuling'i ake ofewa, ndipo inali kuyandama pa mabampu amene anali kuthyola mamotoka ena. Makanika aliyense anali kuidziwa mkati na kunja. Vaneti ya 504 inanyamula nshawa, fodya, mbuzi, akwati na malilo a Kum'mawa konse. Ku Kenya na ku Nigeria anapitiliza kuimanga mpaka m'ma 2000, patapita zaka zambili France italeka. Mpaka lelo, mukakhala na mwayi, mungaione imodzi ikutuluka pa msika yadzala masaka mpaka kumbuyo kwatsika.

Mamotoka akulu-akulu nawonso anali kuonetsa anzathu a pa nthawiyo. Mu September 1970 Lusaka inalandila msonkhano wa maiko osagwilizana na mbali iliyonse pa mkangano wa America na Soviet Union, ndipo holo ya Mulungushi inamangidwa na kampani ya ku Yugoslavia ya Energoprojekt, imene inagwilanso nchito pa magetsi a Kafue Gorge. Ubwenzi umenewo unafika na pa sitesheni ya basi: mabasi a Dubrava a UBZ anali ocokela ku Yugoslavia. Ku East Germany kunacokela malole a IFA, opangidwa mu tauni ya Ludwigsfelde kucokela mu 1965 mpaka 1990, amene tinali kuwaona na asilikali komanso a National Service. Kwa munthu wokamba Cinyanja, lole yolembedwa kuti IFA pamphumi siinafunike womasulila, ndipo nthabwala zake zinali zosatha. Ku India kunacokela Tata, imene inatsegula kampani yake muno mu 1977. Yugoslavia kulibenso. East Germany kulibenso. Koma ku mafamu ena mungapeze IFA ikali kukoka nkhuni, yakhalitsa kuposa dziko limene linaipanga.

Mu June 1990 boma linakweza mtengo wa unga, ndipo Lusaka inawila. Masitolo anathyoledwa, anthu anafa, ndipo pa 30 June Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, ngakhale kuti zinatha m'maola ocepa. Pa cipolowe cimeneco, anthu okwiya anafika pa nyumba 394 ku Chilenje n'kutentha Land Rover ija. Motoka imene inazungulila dziko kukauza anthu za ufulu inatenthedwa na ana a anthu omwewo cifukwa ca njala. Ikali pomwepo. Nikayang'ana citsulo cimeneco nimaona zaka 30 za mbili yathu, ciyembekezo na mkwiyo, zili pa mawilo anayi amodzi-modzi.

Nthawi ya Japan

Mu October 1991 MMD ya a Frederick Chiluba inapambana masankho, ndipo zitseko za malonda zinatseguka. Malamulo oletsa kuitanitsa katundu anafewetsedwa, ndalama zakunja zinayamba kugulidwa poyela, ndipo boma linacotsa msonkho pa mabasi obwela kucokela kunja. M'zaka zocepa, ma Hiace na ma Rosa a buluu anadzaza Lusaka, pamodzi na makondakitala na ang'wang'wazi awo. Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994, ndipo UBZ inatsatila posapita nthawi. Fakitale ya ku Livingstone, imene inali kupuma movutikila kale, siikanapikisana na motoka yotsika mtengo yobwela yathunthu. Nayonso inaleka kumanga mamotoka m'zaka zimenezo.

N'cifukwa ciani Japan? Kumeneko amayendetsa kumanzele monga ife, conco siteling'i ili mbali yoyenela. Cinanso, lamulo lawo limafuna kuti motoka yatsopano ipimidwe ikakwanitsa zaka zitatu, kenako pa zaka ziwili zilizonse, ndipo kupimitsako kumadya ndalama zambili. Anthu ambili amasankha kugulitsa motoka ikali bwino n'kugula ina. Zimene iwo asiya zimakwela sitima ya pamadzi kupita ku Dar es Salaam kapena ku Durban, n'kuloŵela pa Nakonde kapena pa Chirundu. Intaneti itabwela, mphunzitsi wa ku Nyimba anayamba kusankha Corolla, Spacio kapena Vitz pa foni ali pa khonde. Onani mmene mbili imazungulila: mseu umodzi-modzi wa Hell Run, umene anthu anafelapo kuti abweletse madilamu a petulo, lomba ni umene anyamata amayendetsapo mizele ya mamotoka a ku Japan usiku, mapepala a pa boda ali pa galasi.

Sinidzanama kuti kale zinali bwino. Amene anagonapo pa sitesheni ya Kamwala masiku awili kuyembekezela basi ya UBZ sangalakelake nthawi imeneyo. Lelo namwino angagule motoka popanda kulembetsa dzina kwa bwana aliyense, masipeya ali mbwee m'mashopu, ndipo mayi wodwala kumudzi amapeza motoka yomufikitsa ku cipatala. Zimenezi n'zazikulu. Koma tinalipila mtengo. Tinacoka pa dziko limene linali kuyesa kumanga motoka, ngakhale mopunduka, n'kukhala dziko limene limayembekezela zimene ena atopa nazo. Funso limene a 1968 anafunsa, lakuti tidzacita ciani tsiku limene njila idzatsekedwa, silinayankhidwe. Tinangoleka kulifunsa.

Kubwelela ku Kabwata

Patapita milungu iwili n'nabwelela pa nyumba ija nekha n'kuodila. Anatuluka mdala wa imvi, wovala juzi ngakhale kunali kutentha. N'tawafotokozela cimene nabwelela, anaitanitsa mipando iwili n'kuiika pafupi na ka motoka kaja.

"Mwana wanga, ndiwe woyamba kufunsa za aka popanda kufunsa mtengo wake," anatelo.

Ananiuza kuti anali aphunzitsi. Analembetsa dzina, anayembekezela miyezi yambili, ndipo anatenga loni imene anaibweza kwa zaka. Tsiku limene anafika nako pa sukulu, ana anatuluka m'makalasi osapempha cilolezo, ndipo ahedi sanakalipe cifukwa nawonso anali panja. Kanapeleka akazi awo ku cipatala pa ana anayi. Kanapita kumudzi ku Lundazi kasanu, ulendo wina kanabwela na mbuzi pa mpando wakumbuyo. Kanaima mu 1998 pamene giyabokosi inafa ndipo sipeya inasowa.

"Nanga n'cifukwa ciani simunakagulitse, atate?"

Anakhala cete pang'ono, dzanja lili pa denga la motoka. "Amayi ako asanamwalile anali kukhala m'kati umu masana, kusenda nshawa. Ati mpando wake ni wabwino kuposa wa m'nyumba."

N'nawapempha kuti nitsegule boneti. Munali masamba ouma na zisa za makoswe, koma injini inalimo yonse. N'najambula zithunzi zinayi na foni, n'kulonjeza kuti nidzabwela na mwana wa alongo anga kuti adzamve yekha.

N'nacedwa. Nchito, malilo, mvula, zifukwa sizisowa. Pamene tinapita mu February, pansi pa mtengo panali njelwa zinayi na dothi lakuda na oilo. Mdala uja anali atadwala ndipo ana ake anamutenga kukakhala nawo ku Kitwe. Nyumba anaikamo alendi, ndipo alendi anafuna malo. Mtsikana amene tinapeza anatiuza kuti anyamata ogula zitsulo anabwela na Canter, anakadula pakati n'kukapakila. Sinikuwaimba mlandu. Banja linafunika ndalama za mankhwala, ndipo ogula zitsulo nawonso akusakila ana awo cakudya. Zitsulo zakale zimapimidwa pa sikelo n'kupita kukasungunulidwa, monga ku fakitale ya ku Kafue, n'kutuluka zili nsimbi zomangila nyumba. Mwina ka Fiat kaja lomba kali m'kati mwa cipilala ca shopu ina.

Sikelo siifunsa kuti citsulo cinacokela kuti. Fiat yomangidwa ku Livingstone na citseko ca filiji yakufa zili na mtengo umodzi pa kilo. Sitima zakale tinazisungila malo ku Railway Museum ku Livingstone komweko, ndipo ana a sukulu amapita kukaziona. Mamotoka amene anamangidwa mu tauni imodzi-modziyo akutha imodzi-imodzi kuseli kwa nyumba za anthu, pamodzi na okalamba amene angafotokoze nkhani zake. Amene anawochelela matupi a ma Fiat ali anyamata a zaka 20, lomba apyola zaka 70. Madalaivala a Hell Run amene atsala ni okalamba kuposa pamenepo.

Conco pempho langa kwa inu amene mumatembenuza khosi motoka yacilendo ikapita ni ili: musathele pa kujambula. Odilani pa nyumbapo. Funsani mwini wake kuti anaigula liti, kuti, na ndalama zingati, ndipo inafika kuti. Jambulani nambala yake na kacitsulo ka pansi pa boneti kolembedwa manambala a fakitale. Lembani zimene mwauzidwa tsiku lomwelo, ndipo ngati muli na mwana pafupi, mutengeni. Musacedwe monga n'nacitila ine.

Pobwelela tsiku lija, mwana wa alongo anga sanakambe zambili. N'namupatsa foni kuti aone zithunzi zinayi zija, ndipo anaziyang'ana nthawi yaitali. Tili pa Burma Road kuyembekezela basi, ananigwila pa mkono n'kuloza kutsogolo. Vaneti yoyela, yotsika kumbuyo na masaka a malasha, inali kukwela pang'ono-pang'ono, utsi uli tolo.

"Amalume, ija ni Peugeot 504, si conco?"

Inalidi 504. N'nafuna kukuwa kuti "Yanga!", koma anali atayamba kuiona ni iye.